Dothi lakuda la a Mwinisikelo

"Ine dothi sindichita kulipimitsa ayi. Ndimangolinunkhiza, basi ndadziwa kuti apa patuluka ndalama."

Ankalankhulawo anali a Mwinisikelo, dothi lili m'manja, pamaso pa alendo atatu ochokera kubanki. Dalaivala wa a Mwinisikelo, yemwe anatsamira lole chapatali, anayang'ana kumwamba ngati wamva ndege. Pabwalo limenelo mphuno zinasiya ntchito kalekale. Chilichonse chinkanunkha dizilo, ngakhale tiyi.

Linali tsiku lotsegulira nyumba yapulasitiki yolimamo tomato, kuseri kwa shedi yogulira mbewu. Akubanki akakhutira, ngongole ituluka, nyumba zoterozo zichuluka. Alimi onse ogulitsa pasikelopo anaitanidwa kudzawomba m'manja. Anabweradi, poti wogula mbewu m'dera lonselo anali mmodzi yemweyo.

Kumbuyo kwa gululo kunaima mayi wa anyezi, manja atapinda pachifuwa, nsagwada zitalimba. Iye sankawomba.

Nkhani yake aliyense ankaidziwa. Dimba lake linali kuseri kwa mpanda wa shediyo, mpanda wautali wanjerwa umene bwanayo anamanga kuti asamaone zakunja. Oyilo wakutha wa m'malole ankathiridwa m'ngalande yodutsa pansi pa mpandawo, n'kukathera m'dimbamo. Mvula itagwa, anyezi anawolera m'nthaka. Mayiyo atafika pasikelo ndi anyezi wopulumukayo, a Mwinisikelo anamukana kuti akununkha galaja. Tsiku limenelo lokha mphuno ija inagwira ntchito.

Mlangizi wa zaulimi anabwera kudzaona dimbalo, napukusa mutu. Anati dothi loipalo lichotsedwe mpaka kuya kwa m'mawondo. Zimenezo zimafuna lole, ndipo lole imafuna ndalama za anyezi yemwe uja. Mayiyo anapita kwa bwanayo. Anayankhidwa pagulu.

"Oyiloyo walembedwa dzina langa? Ngati ndi wanga, mayi, mundibweretsere. Ine sinditaya katundu."

Anthu anaseka, poti matumba awo anali pamzere wa sikelo.

Mayiyo anatukwana mpaka mawu anasasa. Mpandawo sunayankhe. Kenako mwana wake wamkulu anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo m'mawa wina mayi uja anaoneka pageti, mutu uli pansi, akupempha ganyu. Anthu anangoti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Bwanayo ankafuna dothi lakuda, lachonde, lodzaza mabedi a tomato. Mayiyo anati akudziwa kumene lili. Anapatsidwa lole ndi dalaivala. Kwa masabata angapo iye ndi alongo ake ankatuluka pageti lole ili mbee, n'kubwerera itadzaza, iwo ali bii ngati owotcha makala. A Mwinisikelo anayamikira ntchitoyo, makamaka poona kuti ulendo uno dizilo sakutha msanga.

"Mwaona?" ankauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe. "Anthu awa mankhwala awo ndi njala."

Tsopano alendo ankayendera mabedi. Mmodzi, wovala magalasi, anawerama n'kugwira kambande kamene masamba ake anali atayezuka.

"Bwanji kakuoneka kofooka?"

"Mtundu wakunja umenewo, achimwene. Umayamba mwaulemu."

"Nanga dothili kunyezimira chonchi?"

"Chonde chimenecho. Kwinaku simungachipeze."

Wamagalasi uja anapukuta zala pampango, nayang'ana mpangowo kanthawi, naubweza m'thumba.

Itakwana nthawi ya zolankhula, a Mwinisikelo anakwera pa thumba la soya. Anafotokoza za ulimi wamakono, za misika yakunja, ndi za chikondi chawo pa mlimi wamng'ono, chimene alimi ang'onowo anali kuchimva koyamba. Kenako anatulutsa envelopu, naikweza m'mwamba kuti wojambula aipeze bwino.

"Mayi aja ali kuti? Bwerani kuno, musachite manyazi. Awa, alendo athu, tinasemphana nawo pang'ono, koma ine sindisunga chakukhosi. Ndinawapatsa ntchito. Dothi lonse mukulionali anabweretsa ndi iwowa. Lero ndiwalipire inu mukuona."

Mayiyo anayenda pakati pa anthu, osathamanga. Amayi anzake anayang'ana pansi. Kulandira ndalama m'manja mwa munthu amene anakuphera dimba n'kowawa kale, nanji akukujambula.

Anafika kutsogolo. Envelopu inatambasulidwa. Manja ake sanachoke pachifuwa.

"Sungani, bwana. Munthu salipidwa pobweza katundu wa eni."

"Katundu wanji?"

"Munati ndikubweretsereni. Dothi lonseli lachokera kuseri kwa mpanda wanuwu, m'dimba mwanga, mpaka kuya kwa m'mawondo. Mboni ndi a dalaivalawa: oyilo anathira okha, dothi anyamulanso okha. Tawerengerani ngati oyilo wanu wakwana."

Dalaivala anayang'ananso kumwamba. Wamagalasi anatulutsanso mpango uja. A Mwinisikelo anali akadali pathumba, envelopu kudzanja lina, dothi kudzanja linalo.

"Nunkhizani," anatero mayiyo. "Paja inu simuchita kupimitsa."