Makina Othawitsidwa Madzi ku Makhanga

"Mayi, makina ochenjeza za kusefukira kwa madzi aja mumawakhulupirira pang'ono kapena kwambiri?" anafunsa Chancy, wochita kafukufuku wochokera ku Blantyre, chala chili pa tabuleti.

"Kwambiri," anatero mayi Immaculate. "Kuno ku Makhanga timawakonda ngati mwana wathu."

Chancy anamwetulira. Khomo lililonse yankho linali lomweli, ndipo anadziwa kuti mabwana ake akasangalala. Anapempha kukajambula makinawo kumtsinje wa Ruo, koma mayiwo anapita naye kutchalitchi, kumtunda. Makinawo anali patebulo, atafunditsidwa chitenje chatsopano.

"Afika bwanji kuno? Ntchito yake ndi kuyeza madzi kumtsinje."

"Achimwene, chaka chatha analira momvetsa chisoni madzi atawafika m'khosi. Ife tithawe, mlendo timusiye amire? Tinawakweza m'bwato limodzi ndi mbuzi."

"Nanga tsopano akuchenjezani bwanji?"

"Chifikireni kuno sanalirepo. Ndiye kuti chaka chino madzi sabwera. Tabzala mpaka kudimba."

Kunja kunagunda bingu. Chancy anayang'ana mitambo, anayang'ana tabuleti yake, n'kusiya yankho lija momwe linalili: kwambiri.