Mapiritsi M'chitini cha Paudala

Panali munthu wina wometa tsitsi, mmisiri woti lezala inkamumvera. Mkazi wake ankasoka zovala pakhonde la shopu yomweyo, ndiye zonsezi anaziona ndi maso ake, kupatula chinthu chimodzi chimene chimamuwawa mpaka lero.

Bamboyu atapezeka ndi vuto la mtima, kuchipatala anamupatsa mapiritsi oletsa magazi kuundana, oti azimwa tsiku lililonse. Pasanathe mwezi, manja ndi mapazi anayamba kuzizira. Akangogwira khosi la kasitomala, munthu ankadzidzimuka ngati wathiridwa madzi. Mkazi uja sanachedwe, anamutengera kwa anesi.

"Ena amadandaula zimenezi," anatero anesi. "Tiyeza magazi, adokotala aone ngati pali chosintha. Muzivala masokosi, manja muziwafunditsa. Zala zikasintha mtundu kapena zikamapweteka, muthamangire kuno. Koma mapiritsi musasiye panokha."

Mkaziyo anagula fulasiki ndi kabeseni, kuti mwamuna wake aziviika manja m'madzi ofunda asanagwire munthu.

Tsidya la msewu kunali wometa wina, wapakamwa potsekemera koma njiru ili tho mumtima. Ankamutcha mnzakeyo achimwene, chonsecho ndi iye amene anamupeka dzina loti Manja a Mtembo. Dzinalo linafala, ndipo makasitomala ena anayamba kuwoloka msewu. Wometa wathu uja zinamudya mumtima.

Tsiku lina mkazi atapita kukagula ulusi, watsidya uja anabwera, nkhope ili yachisoni.

"Achimwene, mapiritsi amenewo akumalizani. Magazi anu asanduka madzi. Malume anga ankamwa omwewo, atangosiya anachira, pano akupalasa njinga. Siyani milungu iwiri muone. Koma alamu musawauze, akazi sachedwa kuchita mantha."

Malume amenewo kunalibe. Anawapeka ali pakati pa msewu.

Kuyambira tsikulo, mkazi akamupatsa piritsi m'mawa, bamboyo ankangomwa madzi okha. Piritsi ankalibisa m'manja n'kukaliponya m'chitini chakale cha paudala, kuseri kwa galasi. Nthawi zina ankatambasula dzanja n'kufunsa kuti, "Tagwira, silikufunda?" Mkaziyo ankavomera, akuganiza kuti fulasiki yake ikugwira ntchito.

Loweruka la mlungu wachitatu, benchi itadzaza, mashini ometera anagwa pansi akulira. Pakamwa pa wometa panapotoka, mawu osatuluka. Inali sitiroko. Moyo anapulumuka nawo, koma dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa.

Posesa m'shopu, mkazi uja ananyamula chitini chija n'kumva kuti chikulira. Atatsegula anapeza mapiritsi, atayera ndi paudala. Anachitenga n'kukachiika pabedi pa mwamuna wake. Bamboyo analira ngati mwana. Kenako analimbana ndi lilime lake mpaka linatulutsa mawu akuti, "Wa... tsidya." Zotsalazo anazifotokoza pang'onopang'ono, kwa masiku angapo.

Mkaziyo anakwiya koopsa, mkwiyo wake wosatukwana. Sanapite kukachita phokoso tsidya lija. Anavundikira makina ake osokera, n'kutenga mashini ometera. Mwamuna wake anamukhazika pambali pa galasi kuti azimulozera ndi dzanja lamanzere. Mitu yoyamba inkatuluka ngati yadyedwa ndi makoswe, koma anthu ankapirira, ndipo dzanja linazolowera.

Chitini chija anachiika pansi pa galasi, chotsegula. Aliyense wokhala pampando ankafunsa kuti n'chiyani, ndipo iye ankafotokoza zonse, mosawonjezera, mosachotsera, mpaka za malume opalasa njinga. Nkhani ya mometera simachedwa kufika kumsika. Ndani angapereke khosi lake ku lezala ya munthu woteroyo? Pabenchi ya tsidya lija panayamba kukhala ntchentche zokha.

Zitamukwana, watsidya uja anawoloka msewu masana, shopu itadzaza.

"Alamu, mukundiipitsira mbiri. Ine ndinangopereka maganizo. Kodi ndinawagwira pakamwa achimwene?"

Mkaziyo anazimitsa mashini. Anamugwira pamkono, n'kumukokera pamene panakhala mwamuna wake, n'kusanjika dzanja la watsidyayo pa dzanja lakufa lija.

"Paja munkafuna manja ofunda. Gwirani. Lafunda?"

Dzanjalo linali lozizira kuposa kale, lolemera, zala zitapindika. Watsidya anayesa kuthawitsa lake, koma mayiyo anali atagwira zolimba.

"Musafulumire, alamu. Ine ndimalisambitsa m'mawa uliwonse. Inu mphindi imodzi yokha yakukanikani?"

Ndiye wometa wathu uja anadzutsa mutu, anamuyang'ana m'maso mnzakeyo, n'kufunsa movutikira kuti, "Ma... malume... ali bwanji?"

Palibe anaseka. Watsidya anatuluka osayang'ana munthu, ndipo mwezi usanathe shopu yake inali ndi loko. Anasamuka osatsanzika. Mayi uja akuti sanamve chisoni ngakhale pang'ono, ndipo nanenso sindikumva. Koma dzanja la mwamuna wake silinadzuke. Masiku ano akamupatsa piritsi amaima pomwepo, mpaka bamboyo ayasamule kuti aone ngati lamezedwa.

Phunziro: Ngati mukumwa mankhwala oletsa magazi kuundana ndipo manja kapena mapazi akuzizira, kanenani kuchipatala, musasiye kumwa panokha. Manja ozizira amafunda ndi madzi, koma dzanja lakufa silimva fulasiki. Ndipo munthu akakupatsani malangizo n'kunena kuti musawauze akunyumba, dziwani kuti sakukufunirani zabwino. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene ali ndi m'bale womwa mankhwala amenewa.