Wezulo ya Kapitawo

"Kampani ili ndi loya mmodzi, ndipo watanganidwa ndi mlandu wa malo ku Zomba," anatero bwana wa esiteti ya fodya. "Za kapitawo wakufayu zithere konkuno ku Balaka."

Elliam, kalaliki wa kampaniyo woona za milandu, anamwetulira. Kapitawoyo, Wadson, anapsinjika ndi khoma la balani youmitsira fodya lomwe anadandaula kangapo kuti lang'aluka, ndipo mkazi wake, Anastasia, anali atakadandaula kale kwa DC wa deralo ku Kasupe.

"Mkaziyo asakusowetseni tulo, bwana. Kuno mkazi salankhulira imfa ya mwamuna wake. Mwini mlandu ndi malume a malemu. Mungondipatsa khaki imodzi basi."

Tsiku la mlandu, Anastasia anakhala pakhonde la ofesi ya DC, mutu wometa, mwana kumsana, kudikirira a Yotamu, malume a Wadson. Anafika mochedwa, atatchena khaki yatsopano.

"Amalume, atiitana kale. Mukafotokoze bwino za khoma lija."

"Khoma liti?"

"Limene linapha mphwanu!"

"Iyayi, mayi. Mwana wa mlongo wanga ankadwala khunyu, anagwa yekha. Mbumba yathu ilibe mlandu ndi kampani. Iwe tinakusudzula kale, ukufunanso chiyani pa maliro a eni?"

Elliam anawatsegulira chitseko mwaulemu. Pamene a Yotamu ankawerama kuti alowe, wezulo ya ukapitawo inalendewera pakhosi pawo. Inali ikadali pa chingwe chofiira chomwe Anastasia analukira Wadson.