Dontho la m'Chigafa

Tayala la kumanzere linali litagona pambali, galimoto ili pa jeke, ndipo a Isake Chadzala anali chagada kunsi kwake akulimbana ndi ekiselo ya kutsogolo. Munali m'chigafa chakale cha fodya, kuseri kwa nyumba yawo pafupi ndi Mitundu, mmene galimotoyo inkagona chipumireni mwini wake pa ntchito ya uphunzitsi.

Chimene chinagoneka munthu wolemekezeka chotere m'fumbi chinali dontho. Akayenda ulendo, m'mawa mwake potulutsa galimoto ankapeza banga la oyilo pansi, molunjika pamene ekiselo imalowera m'giyabokosi. Makaniko wa pamsika anali atasinthapo silo, kamphira kozungulira kamene kamatsekereza oyilo kuti asatuluke, koma banga linabweranso. A Chadzala anamudzudzula pamaso pa anzake, namuuza kuti ulesi ndi tchimo ngakhale utavala ovolosi. Kenaka anagula ekiselo ina ndi silo ina, nalumbira kuti aika okha.

Nkhani yake sinali yaing'ono. Mawa lake, Lamulungu, ankayembekezeka ku Nathenje kukalankhula kwa makolo a mumpingo pa mutu wakuti, "Kholo logona tulo ndilo mdani wa mwana wake." Galimoto ikanati ifere m'njira, akanafika pa tchalitchi atakwera kabaza, iwo amene kwa zaka anakhala akuchenjeza kuti anyamata a njinga zamoto ndiwo mliri wa ana aakazi. Wochenjeza anzake akaterereka, anthu saiwala. Tonse okonda kuchenjezafe timadziwa zimenezi, komabe sitileka.

Motero anagwira ntchito mwaulemu ngati akuyala tebulo la mgonero. Anakolowola silo yakale, napukuta malo ake ndi kansalu. Yatsopanoyo anaipaka girisi m'mphepete, naikhomerera pang'onopang'ono, uku ndi uku, kuti isakhale chopendama. Ekiselo anailowetsa ataigwira mowongoka, pakuti mano ake akangokanda mphira, thukuta lonse lapita pachabe. Itangoti khethe m'malo mwake, anamwetulira. Kapini kotsekera nati yaikulu anakaponya m'thumba la malaya, poti munthu wadongosolo sasiya tinthu ting'onoting'ono m'dothi.

"Silo ndiye kholo," anadziuza. "Cham'kati chisatuluke, chakunja chisalowe." Mawuwo anawakomera kwambiri, moti anaganiza zoti mawa adzayambire pomwepo.

Chinthu chimodzi chokha chinkawasautsa pang'ono. Oyilo amene anakhetsa m'giyabokosi anali woyera ngati uchi, pamene banga la pansi linali lakuda bii. Koma munthu wophunzira sasowa yankho. Linali fumbi basi.

Mwana wawo Tamanda, amene anali atatsiriza maphunziro a unamwino ndipo ankadikira ntchito ali pakhomo, anafika ndi kapu ya tiyi nagwada pafupi ndi jeke.

"Ababa, mukatha mukaiyese bwinobwino," anatero. "Osangozungulira pamsika ayi. Mukafike mpaka ku Malingunde kuti itenthe."

"Iwe mwana, nzeru zimenezi unatengera ine."

"Nanga ndikanatengera yani, ababa?"

A Chadzala anamwa tiyi wawo mtima uli m'malo. Ana a anzawo ankangoyendayenda m'misika, koma Tamanda sankatuluka pa geti. Makamaka masiku amene iwo achokapo, iye ankasesa bwalo lonse, kuyambira pa geti kufikira m'chigafa, kotero kuti pobwera sankapeza ngakhale phazi la nkhuku. Zimenezinso anaganiza zokazitchula ku Nathenje, modzichepetsa ndithu, monga chitsanzo chabe cha zimene diso la kholo limabala.

Anamanga nati, nathira oyilo, nabwezera tayala, natsitsa jeke. Potuluka anayang'ana banga lija ngati mdani wogonjetsedwa. Tamanda anawatsegulira geti, nawabayibitsa ndi manja awiri.

Galimoto inkayenda mwakachetechete, popanda kugogoda kulikonse. Koma asanapite patali, popisa m'thumba kuti atenge mpango wopukutira thukuta, chala chawo chinakhudza kachitsulo kozizira. Kanali kapini kaja. Popanda iko nati ikanatha kumasuka m'njira. Amene anadzudzula makaniko pagulu anali ataiwala chinthu chimene makanikoyo sanaiwalepo. Anatembenuza galimoto nabwerera pang'onopang'ono, akuthokoza Mulungu kuti cholakwa chawo chinalibe mboni.

Podzafika pakhomo mtima unali utabwerera kale m'malo. Munthu wosamala, anadzitonthoza motero, si amene salakwa, koma amene amabwerera nthawi ikadalipo. Geti anaipeza yotsegula, tsache litatsamira pambali pake, lisanagwire ntchito. Anakhotera kuseri kwa nyumba akubwereza chapansipansi mawu oyambira ulaliki wa mawa, kuti chakunja chisalowe, ndipo mwadzidzidzi anaponda buleki.

M'chigafa, pamalo pogona galimoto yawo, panaima njinga yamoto ya kabaza, ndipo m'nyumba munkamveka kuseka kwa Tamanda pamodzi ndi mawu a mwamuna. Kunsi kwa injini ya njingayo kunalendewera dontho lakuda bii. A Chadzala akuyang'ana, linagwa pakati penipeni pa banga lija.