Geresomo Agwira Munsi

Munsi unamulaka Geresomo. Akaukweza unkapendekera kumbali, akautsitsa mapira ankathawa mumtondo, nkhuku n'kumachita phwando. Dzuwa la kwa Chapananga nalo, inu, silidziwa kuti uyu ndi mkulu wa mpingo. Thukuta linali kamukamu, chitenje cha mkazi wake chili m'chiuno.

Bamboyu mutu unali utayera kale ndi imvi, koma chibadwire anali asanasinjepo. Zake zinali ng'ombe, mbuzi ndi bawo. Koma mwana ndi mwana. Anita, chitsirizira chake, anali ku yunivesite ku Zomba kuphunzira za jenda, zounika mmene amuna ndi akazi amagawanirana ntchito ndi ulamuliro. Ng'ombe zinali zitathera ku sukulu imeneyi, m'khola mutangotsala nkhalamba imodzi yosafuna ndi ogula omwe. Tsono kunatuluka sikolashipu ya ophunzira za jenda, yolipira zonse mpaka kumaliza. Anita akanaiphonya, basi, kunali kubwerera kudzathamangitsana ndi mbuzi.

Nkhani ya alendo inabwera ndi Evelesi, mkazi wake, poti foni ya pakhomopo ankasunga ndi iyeyo chigwetsereni Geresomo ina ija m'dibi la ng'ombe. Evelesi anati eni sikolashipuyo sapereka chisawawa. Amayendera kwawo kwa wophunzira aliyense kuti akaone ngati jendayo ilikodi pakhomo. Tsiku satchula, amangotulukira. Akapeza bambo ali khale pampando mayi ali pamtondo, amatembenuza galimoto osapempha ndi madzi omwe.

Geresomo anayesa kuchenjera. Anati iye azikhala pansi pa msawu monga mwa masiku onse, akangomva galimoto adzathamangire kumtondo. Evelesi anapukusa mutu momumvera chisoni. Anati anthu ophunzira aja sapusitsika, amayamba ndi kuyang'ana m'manja, ndipo zikhatho za munthu wosinja sizifanana ndi za woweta ng'ombe.

Ndiye ntchito inayambika. Kukacha, Geresomo ankalawirira kumtsinje wa Mwanza kukafukula mchenga kuti apeze madzi. Anafuna kutengera zigubu panjinga, koma Evelesi anati ayi, alendowo amafuna ndowa ya pamutu, ndipo anamupotera yekha nkhata. Akabwerako kunali kusesa, kutsuka mbale, kenako mtondo. Mwatsoka lake mapira chaka chimenechi anabereka mochititsa mantha, madengu ali ndandanda pakhonde. Evelesi, amene anakhala akudandaula msana zaka zonsezi, anasamukira pampando wa ndalema wa mwamuna wake pansi pa msawu paja. Anati nayenso ayenera kuzolowera, alendo asadzamuone akukhala mwachilendo.

Mudzi sunachedwe kumva. Feston, mnzake wa bawo, anayamba kudzera njira ya pakhomopo ngakhale kopanda kopita. Tsiku lina anaima pampanda, navula chipewa mwaulemu wonse.

"Mwaswera bwanji, amake Anita? Kodi abambo alipo?"

Zinamupweteka Geresomo, osanama. Munthu woti amaweruza milandu ya mabanja kutchalitchi, lero n'kumutchula amake Anita! Koma anangomeza malovu, namuuza Feston kuti aseke lero, tsiku lovala Anita mkanjo wa digiri adzabwera yekha kudzapempha thobwa.

Chimene sanauze munthu chinali china. Msana unali utayamba kumuwawa, ndipo unkawawa penipeni pamene Evelesi ankaloza nthawi zonse, pamwamba pa chiuno. Iye masiku onsewo ankamuyankha kuti ndi ulesi chabe, amayi ake ankasinja mpaka ukalamba osadandaula. Pokumbukira mawu amenewa manyazi anamugwira. Anasuzumira mkazi wake, namuona akuwodzera mwamtendere, mapazi atasanjika pa chitsa. Anakweza munsi mwakachetechete kuti asamudzutse.

Dzuwa litapendeka kunamveka injini kumsewu. Geresomo anatchera khutu. Anamangitsa chitenje, nadzipaka gaga pang'ono m'mikono kuti zioneke bwino, n'kuyamba kusinja mwamphamvu mpaka nthaka kunjenjemera. Anayambitsanso nyimbo ya pamtondo imene ankaimva kwa akazi, mawu ake okhuthala ngati a ng'ombe ija ya m'khola. Mbuzi zinabalalika.

Sinali galimoto. Inali njinga yamoto ya kabaza, ndipo amene anatsika anali Anita, chikwama kumsana, fumbi mpaka m'nsidze. Mtsikanayo anaima pakati pa bwalo kukamwa kuli yasa. Anayang'ana chitenje, anayang'ana munsi, anayang'ana madengu a mapira osinjasinja, oyera bwino.

Geresomo anaganiza kuti mwanayo watsogola, alendo ali m'mbuyo. Sanasiye kusinja. Anamukodola ndi mutu, namunong'oneza monyadira kuti asade nkhawa, pakhomo pano jenda yakwana, ngakhale atayang'ana m'manja. Anatambasula chikhatho chimodzi kumuonetsa matuza.

"Koma uwauze afulumire, mwanawe. Mikonoyi yatha."

"Ndani, ababa?"

"Alendo ako aja. Oyendera makomo."

"Kulibe oyendera makomo, ababa. Sikolashipu ndinapata mwezi watha, ndipo ndinawaimbira amayi tsiku lomwelo."

Geresomo anatembenuka pang'onopang'ono, munsi uli m'mwamba. Evelesi anali maso tsopano, akudzikupiza ndi lichero pampando wa ndalema.

"Musaime, bambo a Anita," anatero. "Kwatsala dengu limodzi."