Kombi ya Abdulkadiri

Abdulkadiri anali chigwadire m'kombi, akukhomerera lata latsopano, pamene anaona nsapato zija kunsi kwa mpanda. Zakuda, zopukutidwa bwino. Bambo wa jekete uja anali atabweranso.

Kombiyo adaigula ili chigoba, nkhuku zikuikiramo mazira, n'kuikokera kuseri kwa nyumba yake ku Kabwata. Anthu anamuseka kuti wagula khola, koma iye sanawalabadire. Anapala dzimbiri ndi sandipepala mpaka zala kuchita matuza, anawongola zitseko ndi nyundo, anamata zigamba m'mbali, uku akulengeza pamsika ponse kuti ikatha izichita hayala ya chilichonse. Mkazi wake Zuhula ankati pakamwa pakepo ndi pamene padzawaitanire tsoka.

Pamene panavuta ndi pansi pa galimotoyo, pomwe dzimbiri linadya mpaka munthu kumaona dothi. Kudula chitsulo chakalecho kunkafuna gasi, ndipo gasi m'zaka zimenezo ankasowa ngati sopo ndi mafuta ophikira. Choncho anachita zimene amisiri osauka amachita: anayala lata latsopano pamwamba pa lakale, pakati n'kutsala mpata wolowa dzanja.

Mpata umenewo ndi umene unamuchotsa mnofu. Inali nthawi imene unga unkazembetsedwa kupita ku Zaire m'magalimoto a pansi pawiri, ndipo wopezeka ndi galimoto yotero sankafunsidwa zambiri. Nanji iye, munthu amene adalowa m'Zambia ali kumsana kwa amake kuchokera ku Mangochi, chitupa chake chodalira umboni wa malume amene adamwalira kalekale! Telala wina wa pamsika, Mmalawi mnzake, apolisi adamutenga ali pamakina n'kukamutula kumalire, kupitirira Chipata, ana ake n'kutsala akugulitsa mtedza m'misewu. Abdulkadiri anali ndi ana anayi, ndipo ku Mangochi sankadziwako ngakhale mtengo umodzi.

Bambo wa jeketeyo anayamba kuoneka lata lija litangofika. Magalasi akuda, mpango m'dzanja, jekete lalikulu kuposa mwini wake m'dzuwa lotentha ngati lija. Ankaima pampanda, kutsokomola pang'ono, n'kumangoyang'ana. Zuhula anati ameneyo ndi shushushu, dzina limene anthu ankaitanira akazitape a boma, ndipo ankalitchula atayamba acheuka. Jekete lotero, iye anati, ntchito yake ndi kubisa mfuti.

Mafunso ake ndiwo ankaopsa kwambiri. Tsiku lina anafunsa ngati mipando yakumbuyo imachoka. Tsiku lina, ngati denga silidontha. Kawirikawiri ankafunsa kuti ntchitoyo itha liti. Abdulkadiri ankayankha ndi ulemu wonse, bwana uku bwana uko. Anaiona nkhani yake bwinobwino: munthuyu ankadikira kuti kombi ithe, amugwire nayo ili pamsewu. Kuigulitsa tsopano kukanakhala kuvomera mlandu, kukanganula latalo bamboyo akuona kukanakhalanso chimodzimodzi. Nzeru imene anapeza inali yochedwa dala. Anasiya zapansizo, n'kuyamba kupala chitseko chakumbuyo, chimodzi chomwecho, mmawa ndi madzulo, mpaka chinayamba kuwala ngati sefuliya. Mitambo ya mvula yoyamba inamupeza akadapala.

Tsono tsiku limeneli anali ataba mpata woti amalize kukhomerera, poganiza kuti mlendoyo watopa naye. Nsapato zija sizinaime pampanda. Geti linalira, ndipo bamboyo analowa pang'onopang'ono, ngati munthu amene alibe womuthamangitsa. Zuhula anakokera ana m'nyumba, iye n'kutsala pakhomo atagwira pakamwa.

"Muli shani, ba Abdul," anapereka moni bamboyo.

Ankalidziwa ndi dzina lomwe. Abdulkadiri anatsika m'kombi nyundo ili m'manja, kenaka pozindikira mmene zikuonekera, anaiponya pansi msanga.

"Iyi motoka ingafike ku Chipata osaima panjila?"

Chipata. Njira yomwe ija ya telala. Abdulkadiri anamva mantha enieni, ndipo anaganiza za kamwana kake kotsiriza kamene kanali kasanayambe n'kuyenda komwe.

"Ingafike, bwana," anayankha ndi mawu osamveka bwino. "Koma ikalibe kusila, sinathe."

"Muchedwa maningi," anatero bamboyo, podandaula kuti ntchito ikuchedwa kwambiri. "Nikabwela, ni chitseko chamene ichi."

Anakwera m'kombimo movutikira, napuma kaye, kenaka anagogoda latalo ndi chala. Linalira ngati mgolo wopanda madzi. Abdulkadiri anayamba kufotokoza zonse nthawi imodzi: za gasi wosowa, za dzimbiri, zoti iye unga amagula pamzere monga aliyense, zoti ana ake onse adabadwira konkuno. Analumbira pa Mulungu, misozi ili m'maso. Bamboyo sanaoneke kuti akumva. Anavula jekete lija n'kulipinda bwino. Mfuti munalibe, munali malaya okha olendewera pamapewa.

Kenaka anagona chagada pa latalo, miyendo kuloza kukhomo, manja m'mbali, n'kupempha kuti chitseko chitsekedwe. Abdulkadiri anatseka. Chinatsekeka bwinobwino osakhudza nsapato. Atatsekulanso anapeza bamboyo atavula magalasi, maso ake achikasu ali kudenga.

"Na bokosi izakwana," anatero mwakachetechete. "Ba dokota bakamba ati Khisimisi sinizafika. Mukulu wanga pamene anafa anayenda kumunzi ku Chipata pa lole, bokosi kunyowa na mvula njila yonse. Ine sinifuna kuyenda so. Fulumilani, ba Abdul."

Abdulkadiri anayang'ana chitseko chowala chija, kenaka anawerama n'kutola nyundo.