Banga Losamva Singano

"Kodi mwayamba, adokotala?" anafunsa bambo Guidry, maso ali chitsinzinire.

Dokotala Fontenot anali atawabaya kale katatu ndi singano pa banga lotuwa la pamkono wawo, koma iwo sanamve kanthu. Kwa miyezi isanu ndi iwiri, madokotala ena ankangoti ndi chipere, n'kumawapatsa mafuta opaka.

"Tsegulani maso," anatero dokotala wamkaziyo. "Ndidula kakhungu pang'ono tikapime, koma sindikubisirani. Ndikuganiza kuti ndi khate."

Mkuluyo anabweza mkono wake n'kuulowetsa m'jekete lonunkha nkhanu za m'madambo a Louisiana.

"Agogo anga anawatenga n'kukawatsekera kuchipatala cha akhate chifukwa cha nthenda imeneyo. Anawasintha ndi dzina lomwe. Pakhomo sitinkawatchula."

"Zimenezo n'zakale. Inu mumwa mankhwala, muchira, ndipo lero mukagona kwanu."

"Nanga mayi akunyumba? Adzandikhudzanso?"

Fontenot anavula magolovesi onse awiri, n'kuwaponya m'bini, kenako anatambasula dzanja lake losavala kanthu.

"Bweretsani mkonowo kuno, bambo. Sindinamalize."